Moto kapena Firiji: Mbiri ya Tiyi wa Tieguanyin ndi Kasungidwe Kake

Munthu akagula tiyi wa Tieguanyin n'kufunsa kuti amusunge bwanji, angalandire mayankho awiri otsutsana, onse ochokera kwa anthu oidziwa bwino ntchito yawo. Wogulitsa wa mumzinda wa Quanzhou amuuza kuti timapaketi tonse akatiike m'firiji, makamaka m'chipinda chija chimaumitsa madzi, ndipo chaka chisathe asanamalize kumwa. Wogulitsa wachikulire wa ku Singapore kapena ku Hong Kong amuuza kuti firiji si malo a tiyi, angomuthira m'chitini chotseka bwino n'kumuika pouma, ndipo ngati wangochoka kumene pamoto adikire kaye milungu kapena miyezi ingapo. Pa awiriwa palibe akunama. Dzina ndi limodzi, chitsamba ndi chimodzi, mapiri ndi omwewo, koma tiyi ndi wamitundu iwiri, ndipo mtundu uliwonse unabadwa m'nyengo yake yamalonda. Mfundo yanga ndi yakuti kusunga tiyi ameneyu sikunali nkhani yoiganizira pambuyo, tiyi atapangidwa kale. Kwa zaka zoposa 200, vuto la kasungidwe ndilo linkalamula kapangidwe kake ngakhalenso kakomedwe kake. Chimene chinasintha m'zaka za m'ma 1990 si fungo lokha ayi: udindo woteteza tiyi kuti asawonongeke unachoka m'manja mwa mmisiri womupanga n'kutulidwa kwa wogulitsa ndi womwa.

Kwawo kwa tiyiyu ndi ku Anxi, boma lamapiri la m'chigawo cha Fujian kum'mwera chakum'mawa kwa China, kumtunda kwa madoko a Quanzhou ndi Xiamen. Anthu a kumeneko ali ndi nthano ziwiri za chiyambi chake. Ina imati mlimi wina dzina lake Wei Yin, yemwe ankapereka tiyi ngati nsembe kwa mulungu wamkazi Guanyin tsiku ndi tsiku, anaonetsedwa chitsambachi kumaloto cha m'ma 1725. Inayo imati munthu wophunzira wotchedwa Wang Shirang anachipeza mu 1736, ndipo tiyi wake atafika kwa mfumu Qianlong, mfumuyo ndi imene inamutcha dzina. Nthanozi n'zosiyana, koma zimagwirizana pa malo, omwe ndi dera la Xiping, komanso pa nthawi. Nthawiyo ikugwirizananso ndi umboni wolembedwa. Mu 1391 mfumu Zhu Yuanzhang inaletsa kuti tiyi wa msonkho azibwera woumba ngati zibuma, ndipo kuchokera pamenepo amisiri anayamba kuyesa njira zosiyanasiyana zokonzera masamba omwazika. Cha m'ma 1717, Wang Caotang anafotokoza mmene amisiri a m'mapiri a Wuyi, kumpoto kwa Fujian, ankayanikira masamba, kuwagwedeza, kuwakazinga ndi kuwawamba mpaka tsamba limodzi likhale ndi mbali yobiriwira ndi mbali yofiira. Lu Tingcan, yemwe anali bwanamkubwa wa dera la Wuyi, anasunga kufotokoza kumeneku m'buku lake la mu 1734. Ndiye kuti Tieguanyin anatulukira luso lopanga tiyi wamtundu umenewu, wotchedwa oolong, litangokhazikika kumene.

Luso limeneli lili ndi vuto lake lachibadwa, ndipo vutolo ndiye gwero la nkhani yonse. Tiyi wakuda amene timamudziwa ku Thyolo ndi ku Mulanje amamuphwanya masamba n'kulola mpweya kuti uwasinthe mpaka mapeto. Tiyi wobiriwira amamukazinga msanga mpweya usanachite kanthu. Oolong amaima pakati. Ku Anxi amathyola nsonga zokhwimirako za masamba atatu kapena anayi, amaziyanika padzuwa lofatsa la madzulo kuti zifote, kenako usiku wonse amazipukusa m'migolo yansungwi ndi kuzipumitsa mosinthanasinthana. Kukhulana kwa masamba kumavulaza m'mphepete mwake, mpweya umalowa pamabalapo, m'mphepete mumafiira, ndipo fungo la udzu limachoka n'kubwera fungo la maluwa. Mmisiri akaona kuti pafika, amakazinga masambawo kuti kusinthako kuime, amawakulunga m'nsalu n'kuwafinya mobwerezabwereza, kenako amawaumitsa. Tiyi wofika apa ndi wonunkhira kwambiri, komatu ndi wosakhazikika. Fungo lake limauluka msanga, kubiriwira kwake kumazirala, ndipo masamba ouma amakoka chinyezi cha mumpweya pamodzi ndi fungo lililonse loyandikana nalo. Amisiri akale anali ndi chida chimodzi chokha chothanirana ndi zimenezi, chomwe ndi moto wachiwiri. Ankaika tiyi m'madengu ansungwi pamwamba pa makala okwirira ndi phulusa, n'kumuwamba pang'onopang'ono kwa maola ambiri, kumupumitsa, kenako kumubwezeranso pamoto. Kutentha kumeneku kumachotsa madzi otsalira m'kati mwa tsamba, kumathamangitsa fungo lauwisi, ndiponso kumasakaniza shuga ndi timichere ta m'tsamba mpaka kubala fungo lina lolemera, lokhalitsa.

Kuti timvetse chifukwa chake moto wachiwiriwu unali wosapeweka, tiyang'ane ulendo umene tiyi wa ku Fujian ankayenda. Kuyambira 1757 mpaka 1842, boma la China la mafumu a Qing linkalola amalonda a ku Ulaya kugula katundu padoko la Guangzhou lokha. Tiyi wa ku Wuyi ankasenzedwa ndi amtengatenga kudutsa mapiri kulowa m'chigawo cha Jiangxi, n'kukwezedwa m'mabwato, n'kusenzedwanso pa mpata wa Meiling, kenako n'kutsika ndi mitsinje mpaka kunyanja. Unali ulendo wa milungu yambiri m'dziko lamvula, ndipo apo n'kuti ulendo wa panyanja usanayambe. Pangano la Nanjing la mu 1842 linatsegula madoko a Xiamen ndi Fuzhou, mtunda unafupika, koma nyanja inali yomweyo. Pa mpikisano wotchuka wa mu 1866, zombo zamatanga za Taeping ndi Ariel, zothamanga kuposa pafupifupi zonse za nthawiyo, zinatenga masiku 99 kuchoka ku Fuzhou kufika ku London. Mabokosi a tiyi ankawayala mtovu wopyapyala ndi mapepala m'kati, koma bokosi limangoteteza chimene mwaikamo; tiyi wolowa ndi chinyezi chake amakafika atachita chuku. Choncho ntchito yaikulu yosunga inkachitika tiyi asanalowe m'bokosi. Ndipo si azungu okha ankafuna zotere. Zhou Lianggong, mkulu wa boma amene anagwira ntchito ku Fujian m'zaka za m'ma 1600, analemba kuti anthu a kumeneko ankapewa tiyi wongochoka pamoto, ndipo tiyi wogonera chaka ankagulidwa pamtengo wokwera. Umboni umenewu ukusonyeza kuti lilime la anthu a ku Fujian linali litazolowera kale tiyi wowamba amene amakoma akakhalitsa.

Msika weniweni wa tiyi wa ku Anxi sunali London, unali wa ana a ku Fujian eni ake amene anasamukira kumayiko a kum'mwera, monga Singapore, Malaya, Thailand ndi Indonesia. Kumeneko kumatentha ndipo mpweya ndi wachinyezi chaka chonse, moti tiyi wosawamba bwino sakanatha nyengo imodzi pashelefu. Masitolo a tiyi a m'mizinda imeneyi sankangogulitsa, analinso ndi ng'anjo zawo. Ankalandira tiyi kuchokera kumudzi, kumuwambanso, kusakaniza wa chaka chino ndi wa zaka zam'mbuyo kuti kakomedwe kasasinthe, n'kumukulunga m'timapepala. Sitolo ya Pek Sin Choon ya ku Singapore, imene banja lochokera ku Anxi linatsegula mu 1925, ikukulungabe tiyi m'mapepala mpaka lero, ndipo tiyi wake ndi amene ambiri amamwera msuzi wa nthiti za nkhumba wotchedwa bak kut teh. Pepala silitsekereza mpweya ngakhale pang'ono. Ngati tiyi ankakhala bwino m'pepala, mumzinda wachinyezi chotero, ndiye kuti chitetezo chake chinali m'tsamba momwemo. Ku Taiwan nako zina mwa mbewu ndi luso zinachokera ku Anxi. Wamalonda wa ku Britain John Dodd, mothandizana ndi Li Chunsheng wa ku Xiamen, anatengera mbande za ku Anxi kumpoto kwa chilumbachi, ndipo mu 1869 anatumiza oolong ku New York. Pambuyo pake Zhang Naimiao anabweretsa chitsamba cha Tieguanyin ku Muzha, pafupi ndi Taipei, kumene mpaka pano amamuwamba kwambiri monga kale.

Chikomyunizimu chitalowa ku China mu 1949, malonda a tiyi anakhala m'manja mwa boma, koma kapangidwe sikanasinthe kwenikweni, chifukwa wogula anali yemwe uja wakutali. Kampani ya boma ya ku Xiamen inkatumiza kunja tiyi wowamba wa m'zitini za chizindikiro cha Sea Dyke, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 makampani a ku Japan a Ito En ndi Suntory atayamba kugulitsa oolong wophikaphika m'zitini zakumwa, ankafunanso tiyi wofiirira, wamoto. Kusintha kunadza pakati pa zaka za m'ma 1980 boma litamasula msika wa m'dziko, mlimi n'kuyamba kudzipangira ndi kudzigulitsira yekha. Nthawi yomweyo amalonda a ku Taiwan anayamba kuwoloka kudzatsegula mafakitale ku Fujian. Kampani ya Tenfu, mwachitsanzo, inakhazikitsidwa ku Zhangzhou mu 1993. Anabwera ndi kachitidwe katsopano ka ntchito kamene kanali katatchuka kwawo: kupukusa pang'ono, kukulunga tsamba mpaka likhale kampira kolimba, kuumitsa pamoto wochepa, ndi kutsekera tiyi m'mapaketi ochotsa mpweya. Alimi a ku Anxi anapitiriza pamenepo. Anaika makina oziziritsa mpweya m'zipinda zofotetsera masamba, ndipo ambiri anayamba kupuntha masamba okazinga kuti m'mphepete mofiira muja muyoyoke, madzi a tiyi atuluke oyera mobiriwira. Chizindikiro chimene agogo awo ankanyadira, tsamba lobiriwira la m'mphepete mofiira, chinasanduka chinthu chochotsa.

Tiyi watsopanoyu, amene amamutcha qingxiang posiyanitsa ndi nongxiang wowamba uja, anagonjetsa msika wa China m'zaka za m'ma 2000. Zifukwa zake n'zomveka. Anthu ambiri a kumpoto ndi pakati pa dzikolo anakulira tiyi wobiriwira, choncho oolong wobiriwira wonunkhira maluwa sanali wachilendo pakamwa pawo. Fungo lake limamveka madzi otentha akangothiridwa, zomwe zimathandiza wogulitsa amene ali ndi mphindi zochepa zokopera wogula. Kwa mlimi, kudumpha ntchito yowamba kunatanthauza kugulitsa patangopita masiku ochepa chithyolereni. Koma tiyi wotere sangakhale payekha. Amamutsekera m'timapaketi ta magalamu 7 kapena 8, tokwanira kuphika kamodzi, ndipo sitolo iliyonse yomugulitsa inayenera kukhala ndi firiji yake. Walira mvula walira matope: amene wafuna fungo la maluwa a m'phiri wavomera kulipira magetsi olisungira. Kusiyana kwake kuli ngati kwa nsomba yowamba ndi chambo chachiwisi. Yowamba ija msodzi anamaliza ntchito yoiteteza isanachoke kunyanja, pamene chambo chachiwisi chimadalira kuti aliyense wochigwira panjira, mpaka wophika, asalekeze kuchiziziritsa.

Wina angatsutse kuti ndikupatsa firiji ulemu woposa muyezo, kuti chimene chinasintha ndi zokonda za anthu, ndipo zipangizo zinangotsatira pambuyo. Mbali ina n'zoona, pakuti firiji siikakamiza munthu kukonda fungo lina. Koma fungo la maluwa la Tieguanyin silinapezeke mu 1990. Mmisiri aliyense wa ku Anxi ankalimva usiku uliwonse wopukusa masamba, ndipo ankalawa tiyi wosawamba asanamupititse ku ng'anjo. Chimene panalibe ndi njira yofikitsira fungolo kwa munthu wa ku Beijing kapena ku Penang lisanathe. Chinthu chimene sichingafike kwa wogula sichingakhale chokonda cha wogula. Misewu yabwino, mapaketi ochotsa mpweya ndi magetsi odalirika zitapezeka, m'pamene anthu anapatsidwa mwayi wosankha. Muzha ndi masitolo akale a ku Singapore akutionetsa mbali inayo: kumeneko mafiriji anafika kalekale, koma ogula anali atazolowera moto, ndipo sanasiye. Ndiye kuti kasungidwe ndiko kamaika malire a zimene zingatheke, ndipo chizolowezi chimasankha m'kati mwa malirewo.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Okonda tiyi wobiriwira amati moto unkabisa zolakwa, ndipo kuyamikira tiyi wakale n'kungolakalaka zakale. Sindingakane kuti moto umabisa. Masamba a m'chilimwe, osanunkhira, kapena tiyi wotsala wa chaka chatha, akawambidwa kwambiri amangomveka makala, ndipo wogula wosazindikira amaganiza kuti ndiko kukoma kwachikale. Tiyi wambiri wotumizidwa kunja m'zaka za ulamuliro wa boma anali wapakatikati. Koma chinyengo sichinathe ndi kubwera kwa firiji, chinangosintha malo obisalira. Tiyi wopukusa mosakwanira amanunkhira modabwitsa m'kapu yoyamba, pomwe m'kati mwake ndi wamuwisi; kuzizira kumamugwirizira mpaka atagulidwa, ndipo akakhala milungu ingapo kunja kwa firiji amasanduka wachikasu, wopanda fungo, nthawi zina wowawasa. Omwa ambiri ku China anadandaulanso kuti tiyi wobiriwira kwambiriyu amawapweteka m'mimba akamwa asanadye. Moto wabwino, kumbali ina, sungakonze tsamba lopukusa moperewera. Umafuna tsamba limene ntchito yake ya usiku ija inachitika mokwanira. N'chifukwa chake ndimaona kuti chotayika chachikulu m'zaka zimenezo sichinali ng'anjo yokha, koma kuleza mtima kwa popukusa, kumene ng'anjo inkakakamiza. Pamene mbiri ya Tieguanyin inayamba kutsika m'zaka za m'ma 2010, ogula n'kutembenukira kwa tiyi wa pu'er, tiyi woyera ndi oolong wowamba wa ku Wuyi, alimi ena a ku Anxi anabwerera ku kupukusa kwachikale, ndipo anatero chifukwa msika unawaonetsa malire a njira yatsopanoyo.

Pali chitsutso chachitatu chimene ndikuchivomereza pafupifupi chonse. Mawu akuti tiyi wowamba amakoma akamakalamba asanduka nyambo ya malonda. Mu 2016 muyezo wa boma la China wa Tieguanyin wa ku Anxi unawonjezera mtundu wachitatu, chenxiang, womwe ndi tiyi wowamba wosungidwa zaka zisanu kapena kuposerapo. Kuvomereza kumeneku kunalemekeza mwambo weniweni, pakuti mabanja a ku Anxi ankasungadi tiyi wakale m'mitsuko n'kumamwa wina akadwala m'mimba. Koma kunatsegulanso khomo loti tiyi wolephera kugulidwa azipatsidwa dzina laulemu. Zaka pazokha sizikometsa tiyi. Wowamba naye amakoka chinyezi, fungo lauwisi limabwerera, ndipo masitolo akale ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankamuyendera ndi kumubwezera pamoto wofatsa akaona kuti wafewa. Chimene moto unkapereka si moyo wosatha, koma nthawi yokwanira ndiponso mwayi wokonza zinthu zikayamba kulakwika. Tiyi wobiriwira akazirala fungo lake la maluwa silibwerera. Chotheka n'kumuwamba kuti asanduke tiyi wina.

Malangizo a kasungidwe akuchokera m'mbiri yomweyi, ndipo munthu akaidziwa safunika kuwaloweza. Choyamba n'kuyang'ana tsamba. Ngati timipira take ndi tobiriwira mowala ndipo madzi ake ndi oyera mwachikasu, ameneyo ndi mwana wa firiji. Asungidwe m'mapaketi ake osatsegula, m'chipinda choumitsa madzi ngati akhala miyezi yambiri, ndipo mapaketiwo aikidwe m'chotengera china chotseka kuti fungo la ndiwo lisalowe. Cholakwa chofala kwambiri chimachitika potulutsa: paketi yozizira ikatsegulidwa nthawi yomweyo, chinyezi cha mumpweya chimasanduka mame pamasamba, ndipo tiyi amawonongeka msanga kuposa akanakhala kunja. Paketi idikire itafunda kufanana ndi chipinda, ndipo yotsegula isabwererenso m'firiji. Ngati tsamba ndi lofiirira kapena lakuda, lonunkhira mowamba, malo ake ndi chitini kapena mtsuko wotseka bwino, wodzaza kuti musatsale mpweya wambiri, kutali ndi dzuwa, nthunzi ya kukhitchini, sopo ndi zokometsera ndiwo. Njira yoyesera ndi yakalekale: tsamba louma bwino limaphwanyika n'kukhala ufa mukalitikita ndi zala, pomwe lokoka chinyezi limapindika. Kwa amene amakhala kumene magetsi amazimazima, nkhaniyi ili ndi yankho lachindunji. Firiji yozima ndi kuyaka imazizira n'kufunda mobwerezabwereza, ndipo paketi ikakhala ndi kabowo ngakhale kakang'ono, tiyi wobiriwira amanyowa. Munthu wotere agule wobiriwira wochepa woti amalize m'milungu yowerengeka, kapena asankhe wowamba, amene anapangidwira nyengo yotentha ndi nyumba yopanda magetsi.

Mu 2022 bungwe la FAO linaika ulimi wa Tieguanyin wa ku Anxi m'kaundula wa njira zaulimi zofunika kusungidwa padziko lonse, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho UNESCO inalemba luso lachikale lopanga tiyi ku China, kuphatikizapo la Tieguanyin, ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Ulemu umenewu ndi woyenera, koma luso lowamba silisungika m'kaundula. Limafuna munthu wodziwa kukhuthala kwa phulusa loyenera pa makala, wotha kumva ndi dzanja kutentha kwa dengu, wodziwa kusiyanitsa ndi mphuno tiyi amene wakhuta moto ndi amene wayamba kupserera, komanso wololera kuwononga tiyi wambiri pophunzira. Mbadwo wa alimi umene unakula m'zaka za tiyi wobiriwira unalibe chifukwa chophunzirira zimenezi, ndipo ng'anjo zamagetsi zimene zalowa m'malo mwa makala zimasunga kutentha kofanana koma sizisankha nthawi yochotsera tiyi pamoto. Mmisiri wowamba amamangirira ndalama zake m'tiyi kwa miyezi ingapo asanagulitse, pomwe mnzake wa tiyi wobiriwira amalandira zake sabata yomweyo. Achinyamata a ku Xiping adzaphunzira ntchito ya makala pokhapokha mtengo wa tiyi wowamba bwino utakwera mokwanira kulipira miyezi yodikirayo.